Graduate Teacher Programme

Iyi inali njira ya ku England ndi Wales yophunzitsira uphunzitsi anthu amene ali kale ndi digiri, iwo ali pantchito m'sukulu. Inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makamaka pofuna kukopa anthu achikulire omwe sakanatha kusiya malipiro n'kubwerera ku yunivesite.

Munthu ankayenera kupeza sukulu yomulemba ntchito ngati mphunzitsi wosavomerezedwa, ndipo ankalandira malipiro a gulu limeneli. Kwa chaka chimodzi ankaphunzitsa ana enieni, mphunzitsi wodziwa ntchito akumuyang'anira. Woyang'anirayu amakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumalemba zomwe waona: mmene wophunzirayo wafotokozera phunziro, mmene wakhazikitsira bata ana akasokosa. Pambuyo pake awiriwo amakambirana. Wophunzirayo ankaphunzitsakonso kwa kanthawi pasukulu ina. Akakhoza, ankapatsidwa Qualified Teacher Status, chilolezo chophunzitsira m'sukulu za boma.

Ubwino wake unali poyera, koma zambiri zinkadalira sukuluyo. Woyang'anira akakhala wotanganidwa, wophunzira ankangosenzetsedwa makalasi popanda womuwongolera, ndipo ovutika anali ana.

Ku England njirayi inatha mu 2013, m'malo mwake munalowa njira ina yotchedwa School Direct ya malipiro. Pa njira zophunzirira uphunzitsi uli pantchito palinso Teach First, bungwe lomwe Brett Wigdortz anayambitsa mu 2002, lomwe limatumiza omaliza digiri kwa zaka 2 kusukulu za m'madera osauka. Gulu lake loyamba linayamba kuphunzitsa ku London mu 2003.