Mbiri ya timagalimoto tokwera miyala ndi mabwalo ake a m'nyumba

Masewera okweza timagalimoto ta rimoti pamiyala anachokera ku magalimoto enieni. Kumadzulo kwa dziko la America, eni magalimoto a Jeep ankakonda kulimbana ndi njira zimene ena onse ankaziona ngati zosadutsika. Mu 1953 ulendo wa Jeepers Jamboree unayamba kudutsa njira ya Rubicon m'mapiri a Sierra Nevada ku California, ndipo mu 1967 ku Moab, m'chigawo cha Utah, kunayambika Easter Jeep Safari. M'malo amenewa liwiro silinkaphula kanthu. Dalaivala ankayenda pang'onopang'ono, mnzake ali pansi kumulozera pamene tayala liponde, ndipo katswiri ankadziwika pofika pamwamba osagubuduza galimoto.

Timagalimoto toyamba totsanzira luso limeneli tinachokera ku Japan. Kampani ya Tamiya, imene inayamba mu 1946 mumzinda wa Shizuoka ndi ntchito yocheka matabwa, inatulutsa kagalimoto kake koyamba ka rimoti mu 1976, kofanizira Porsche 934. Mu 1981 inabweretsa kapikapu ka Toyota Hilux kokhala ndi chimango chachitsulo, masipuling'i osanjikiza ngati a galimoto yeniyeni, ndi magiya atatu osinthidwa pa rimoti. Bruiser inatsatira mu 1985. Koma kamene kanasintha zinthu ndi Clod Buster ya mu 1987, yomwe ekiselo iliyonse inali ndi mota yakeyake. Patapita zaka, anthu okonda kusokonyola zinthu anayamba kuphwasula timagalimoto timeneti, kuchotsa maekiselo n'kuwamangirira pa chimango chodzipangira okha m'magalaja mwawo. Chotero masewerawa anayamba m'manja mwa anthu wamba, makampani n'kubwera pambuyo. Kampani ya Axial, yokhazikitsidwa mu 2005 ku California, inatulutsa AX10 Scorpion mu 2007, ndipo munthu anatha kugula kagalimoto kokwera miyala kathunthu m'katoni imodzi.

Kagalimoto kotere kamasiyana kwambiri ndi kampikisano wothamanga. Magiya ake amachepetsa liwiro kuti mphamvu ichuluke. Difu imakhala yokhoma, kotero tayala limodzi likalendewera m'malere, atatu otsalawo amakokabe. Matayala ndi ofewa, okhala ndi siponji mkati, ndipo amakumbatira mwala m'malo modumphapo. Eni ake amawonjezera zitsulo zolemera pafupi ndi matayala akutsogolo kuti kagalimoto kasagwe chagada pokwera, ndipo chala chikachoka pa rimoti mota imagwira buleki yokha, kagalimoto n'kuima nji pakati pa chitunda. Pa mpikisano amaika tizizindikiro tiwiritiwiri ngati mageti. Wogunda geti, wobwerera m'mbuyo kapena wogwira kagalimoto ndi dzanja amapatsidwa mapointi a chilango, ndipo wopambana ndi amene ali ndi ochepa.

Kwa zaka zambiri timagalimoto tofala tinali ta muyeso wa 1/10, totalika pafupifupi theka la mita. Toterewa timafuna malo aakulu, ndiye mabwalo oyamba anali panja: milu ya miyala kuseri kwa nyumba, mitsinje youma, kapena zidutswa za simenti. Bwalo linalowa m'nyumba timagalimoto titayamba kupangidwa tating'ono. Mu 2019 Axial inatulutsa SCX24 ya muyeso wa 1/24, yokwana m'dzanja, ndipo mu 2022 Traxxas ya ku Texas inabwera ndi TRX-4M ya 1/18. Pakati pa zaka zimenezi panagwa mliri wa COVID-19, anthu n'kubindikira m'nyumba, ndipo ambiri anazindikira kuti kwa kagalimoto kakang'ono chonchi, buku, nsapato ndi pilo ndi mapiri kale.

Kuchokera pa mabuku ndi mapilo, omanga anatengera nzeru za anthu okonza malo oyendamo tisitima tapamtunda tachidole, omwe akhala akuumba mapiri ang'onoang'ono kuyambira kale. Pansi amayala thabwa. Pamwamba amasanja zidutswa za thovu louma lija amatchingira kuzizira m'makoma, kuzimata ndi guluu, n'kuzisema ndi mpeni mpaka zioneke ngati matanthwe. Ena amapinda waya wa khola la nkhuku n'kumukuta ndi nsalu yoviika mu pulasitala. Apa ndi pamene pamagona luso lonse, chifukwa thovu lopanda kanthu limaterera komanso limakumbika ndi matayala. Omanga amalikuta ndi simenti yopyapyala kapena penti wosakaniza ndi mchenga, ndipo mchengawo ukachuluka kagalimoto kamakwera paliponse mosavutika, masewera n'kutha kukoma. Bwalo lomangidwa bwino limakhala ndi njira zingapo zokwerera mwala umodzi, ina yophweka, ina yotheka pokhapokha tayala litaponda pamalo ake enieni.

Popeza nyumba ndi yogonamo anthu, mabwalo ambiri amamangidwa m'zigawo zotheka kunyamula, kusinthanitsa ndi kusunga pansi pa bedi. Zigawozo amazilumikiza ndi timilatho ta timitengo ndi chingwe, kapena ndi thabwa lopendekeka limene limagwera mbali inayo kagalimoto kakadutsa pakati. Masiku ano ena amapanga milatho ndi miyala ndi makina a 3D, ngakhale makatoni, zidutswa za matabwa ndi miyala yotola panja zikugwirabe ntchito m'nyumba zambiri.