Ngongole za Maphunziro a Ukachenjede (Phalombe)

Ngongolezi ndi ndalama zimene boma limabwereketsa ophunzira osowa amene apeza malo ku yunivesite. Amaziyendetsa ndi a bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe Nyumba ya Malamulo idalikhazikitsa ndi lamulo la 2015. Zimathandiza pa fizi, mabuku ndi zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku, m'sukulu za boma ngakhalenso zoyima pazokha zimene bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE lidavomereza.

Thumba la ngongolezi limadalira bajeti imene aphungu amavomereza chaka ndi chaka; kuyambira 2022 chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Gwero lina ndi ndalama zobwezedwa, pakuti bungwe loyendetsa ngongolezi limatolera ngongole zakale kuyambira za m'ma 1985, ndipo olemba ntchito amayenera kudula pa malipiro a wobwereka.

Ku Phalombe nkhaniyi ndi yaikulu. Makolo ambiri amalipira sukulu ndi ndalama za nandolo, mpendadzuwa kapena mpunga wa m'madambo a Chilwa, ndipo namondwe wa Freddy adakokolola minda yambiri mu Malichi 2023. Mwana wosankhidwira ku UNIMA ku Zomba kapena ku MUST ku Thyolo akapanda kupeza ngongoleyi, kalata yomuitana imangokhala m'chikwama. N'chifukwa chake wosabweza amalakwira kwambiri achimwene ndi achemwali obwera pambuyo pake.