Mvula ya mabingu ku Makoni, Chitungwiza

Mvula ya mabingu ndi mvula yomwe imagwa mwamphamvu kwa nthawi yochepa, limodzi ndi mphenzi, mphepo ya mkuntho, ndipo nthawi zina matalala. Ku Makoni, malo a malonda a m'chigawo cha Seke mu tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe, mvulayi imagwa kawirikawiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, makamaka masana ndi chakumadzulo. Nthawi zambiri imakata ola lisanathe, koma m'kanthawi komweko imatha kupha munthu ndi mphenzi, kusasula madenga, kudzaza misewu ndi madzi, komanso kuipitsa zitsime. Kukula kwa ngozi kumadalira pomwe munthu wausa mvulayo ndiponso momwe nyumba, ngalande ndi zitsime za m'dera lake zilili.

Malo ndi nyengo yake

Chitungwiza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa Harare, pakati pa mitsinje ya Manyame ndi Nyatsime. Tauniyi idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni atatu, Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 adapezamo anthu pafupifupi 371,000. Ena mwa anthuwa ndi ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique omwe adabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale. Makoni wa ku Chitungwiza ndi wosiyana ndi boma la Makoni la ku Manicaland, komwe kuli tauni ya Rusape.

Dera la Chitungwiza ndi lokwera, mamita opitirira 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo limalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 800 pachaka. Kagwedwe kake kamafanana ndi ka ku Lilongwe kapena ku Chipata: kutentha kwa Okutobala, mvula yoyamba ya mabingu, kenaka dzinja lenileni mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Zimbabwe alibe gombe la nyanja yamchere, choncho chinyezi chomwe chimabweretsa mvulayi chimachokera kutali. China chimabwera ndi mphepo yochokera ku nkhalango za ku Congo, china ndi mphepo yochokera ku nyanja ya Indian kudzera ku Mozambique. Pakati pa dzinja mphepo ziwirizi zimakumana pamwamba pa Zambia, Malawi ndi kumpoto kwa Zimbabwe, ndipo pomwe zakumanirapo mitambo ya mvula imachuluka.

Ku Makoni anthu ambiri amagwira ntchito pabwalo. Pali mavenda a masamba, zovala ndi mafoni, owotcherera zitsulo, okonza magalimoto, ndi anthu odikira makombi (maminibasi) opita ku Harare kudzera mu Seke Road. Nthawi yomwe pamadzaza anthu, pamene ana akuweruka kusukulu ndipo akuluakulu akubwerera kwawo, ndi nthawi yomweyo yomwe mvula ya mabingu imakonda kugwa.

Momwe mvulayi imayambira

Pamafunika zinthu zitatu: chinyezi, kutentha kwa pansi, ndi mpweya wozizira kumwamba. Dzuwa likawomba nthaka m'mawa wonse, mpweya wapansi umatentha n'kuyamba kukwera. Ukamakwera umazizira, ndipo nthunzi yomwe uli nayo imasanduka timadontho ta madzi. Mtambo umakula mofulumira mpaka kufika makilomita 12 kapena kuposerapo, kunsi kwake kuli bii, pamwamba pake pataphwatalala ngati bowa. Kumwambako kumazizira kwambiri moti madzi amaundana.

Madontho ndi timiyala ta madzi oundana zikalemera, zimagwa n'kukoka mpweya wozizira kutsika nawo. Mpweyawu ukagunda pansi umabalalikira mbali zonse. Imeneyi ndiyo mphepo yozizira ija yomwe imaulutsa fumbi ndi mapepala mvula itangotsala pang'ono kugwa. Mtambo umodzi umatha mphamvu pakapita mphindi 30 mpaka 60, ngakhale kuti mphepo yake imatha kuyambitsa mtambo wina pafupi. Popeza mtambo wotere sukula kwambiri m'lifupi, mvula imatha kukhuthuka ku Makoni pamene ku St Mary's kuli gwa.

Apa m'pamene mvulayi imasiyanirana ndi namondwe. Namondwe amabadwira pa nyanja yofunda, amakula makilomita mazanamazana, amatha masiku angapo, ndipo akatswiri amamuona akadali kutali. Namondwe Idai adafika ku Beira, ku Mozambique, usiku wa pa 14 Malichi 2019 ndipo adapha anthu mazanamazana ku Chimanimani ndi ku Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe. Chitungwiza ili kutali ndi gombe, choncho anamondwe amafikako atafooka kale. Ngozi ya chaka ndi chaka kumeneko ndi mtambo womwe umakula masana amodzi okha.

Mphenzi

M'kati mwa mtambo, timiyala ta madzi oundana timagundana pokwera ndi potsika, ndipo kugundanako kumaunjika mphamvu ya magetsi. Mphamvuyi ikachuluka imalumpha, mwina m'kati mwa mtambo momwemo, mwina kuchokera ku mtambo kufika pansi. Kulumphako ndiyo mphenzi, yomwe ena amaitcha chiphaliwali. Mpweya womwe mphenzi yadutsamo umatentha mpaka madigiri pafupifupi 30,000, kuwirikiza kasanu kutentha kwa pamwamba pa dzuwa, ndipo umafufuma mwadzidzidzi n'kutulutsa phokoso la bingu.

Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Munthu akaona kung'anima n'kuwerenga masekondi 30 bingu lisanagunde, ndiye kuti mphenziyo yagwa pa mtunda wa makilomita 10. Mtunda umenewu si wautali, chifukwa mphenzi imatha kuomba makilomita 15 kuchokera pomwe mvula ikugwa. Ndiye chifukwa chake anthu ena amaombedwa mvula isanayambe, kapena itakata kale iwo atabwerera ku ntchito zawo.

Anthu omwe mphenzi imawagwera pathupi penipeni ndi ochepa. Ambiri amavulala ndi mphamvu yoyenda m'nthaka kuchokera pomwe mphenzi yagwa, yomwe imalowera mwendo wina n'kutulukira wina. Mphamvu yomweyi ndiyo imapha ng'ombe zambiri nthawi imodzi. Ena amavulala mphenzi ikaomba mtengo n'kulumphira kwa munthu yemwe wausa patsinde pake. Enanso imawapeza kudzera mu waya wa mpanda, mpopi, chingwe cha magetsi kapena waya woyanikapo zovala.

Ngozi yodziwika kwambiri idachitika pa 23 Disembala 1975 m'dera la Manica, kum'mawa kwa Zimbabwe, pomwe mphenzi imodzi idapha anthu 21 omwe adali m'nyumba imodzi ya kumudzi. Mu 2017 bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization lidatsimikiza kuti palibe mphenzi ina yodziwika yomwe idapha anthu ochuluka chotere powaomba mwachindunji. Ngoziyi imaonetsa kuti denga palokha siliteteza. Nyumba imateteza ikakhala ndi njira yoti mphamvu ya mphenzi itsikire m'nthaka, monga mawaya a magetsi oikidwa bwino, mapaipi achitsulo kapena chitsulo chotchinga mphenzi. Chisakasa cha pamsika, kashedi kodikiriramo basi ndi khonde la sitolo zimatchinga madzi okha.

Madzi osefukira

Mvula yochuluka ikagwa m'mphindi zochepa, nthaka siitha kumwa madzi onse. M'tauni vutoli limakula chifukwa madenga, simenti ndi phula sizimwa madzi, ndipo ngalande zikatsekeka ndi mchenga, mabotolo ndi mapepala apulasitiki, madziwo amayenda mumsewu n'kulowa m'nyumba ndi m'masitolo. Ku Chitungwiza nyumba zina zidamangidwa m'madambo, momwe kale madzi ankaima n'kumatsika pang'onopang'ono kupita ku Manyame ndi Nyatsime. Nyumba zoterezi ndizo zimayamba kulowa madzi, ndipo makoma ake amafooka chifukwa maziko amakhala pachinyontho dzinja lonse.

Madzi othamanga ofika masentimita 15 amatha kugwetsa munthu wamkulu, ofika masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaying'ono, ndipo ofika masentimita 60 amakokolola magalimoto ambiri. Madzi amatope amabisanso maenje, ngalande zakuya ndi mabowo a suweji opanda zivundikiro. Maenje okumbamo mchenga ndi dothi la njerwa kunja kwa tauni amadzaza madzi, ndipo ana osadziwa kusambira amamiramo.

Ngozi ina imaonekera patapita masiku. Chitungwiza imagula madzi a m'mipopi ku Harare, ndipo popeza madziwo sakwanira, mabanja ambiri amadalira mijigo ndi zitsime zokumba pakhomo. Mapaipi a suweji akaphulika, madzi a mvula amatenga zonyansazo n'kuzilowetsa m'zitsime zosazama. Mliri wa kolera wa 2008 mpaka 2009, womwe udagwira anthu opitirira 98,000 n'kupha opitirira 4,000 m'dziko lonse, udayambira ku Chitungwiza mu Ogasiti 2008 ndipo udafala kwambiri dzinja litalowa. Matenda a taifodi ndi kutsegula m'mimba amayendanso njira yomweyi.

Mphepo ndi matalala

Mphepo yotsika mu mtambo imatha kuthamanga makilomita 90 pa ola kapena kuposa. Imasasula madenga osakhomedwa bwino, makamaka omwe angotsindikizidwa ndi miyala kapena njerwa, ndipo lata louluka limacheka munthu koopsa. Imagwetsa zikwangwani, mipanda yosalimba ndi nthambi za bulugamu, imadulanso mawaya a magetsi. Waya wogwa pansi amatha kukhala ndi moto ngakhale m'dera monse magetsi atazima, ndipo madzi omwe wagweramo amakhala oopsa chimodzimodzi. Oyenera kumukhudza ndi ogwira ntchito ku kampani yogawa magetsi okha.

Matalala amapangika timiyala ta madzi oundana tikamakankhidwira m'mwamba mobwerezabwereza mpaka kukula. Ambiri amakhala aang'ono, koma akuluakulu amaswa magalasi, mapanelo a sola ndi madenga akale a asibesitosi. Amang'ambanso masamba a chimanga ndi ndiwo m'timinda ta m'mbali mwa tauni, ndipo m'mafamu a ku Mashonaland amaononga fodya.

Kulosera ndi machenjezo

Nthambi ya boma yoona zanyengo, Meteorological Services Department, yomwe likulu lake lili ku Belvedere mu Harare, imalengeza zanyengo tsiku lililonse pa wailesi, pa kanema ndi pa masamba a mchezo. Nthambi ya Department of Civil Protection ndiyo imatsogolera ntchito yokonzekera ngozi ndi kuthandiza okhudzidwa. Akatswiri amatha kudziwiratu tsiku limodzi kapena awiri kuti chigawo chakuti kudzakhala mabingu, koma lokeshoni yeniyeni ndi ola lake zimadziwika mtambo ukayamba kale kukula. Choncho chenjezo la pa wailesi limafunika kuliphatikiza ndi zomwe maso akuona: mtambo wotalika wakuda kunsi, mphepo yozizira yobwera mwadzidzidzi, ndi kugunda kwa bingu ngakhale kuli kutali.

Zikhulupiriro

Ku Zimbabwe, monganso ku Malawi, anthu ambiri amakhulupirira kuti mphenzi imatha kutumizidwa ndi munthu, ndipo imfa ya mphenzi nthawi zina imadanitsa abale ndi anansi. Ena amaphimba magalasi oonera, amapewa zovala zofiira, kapena amaika tayala padenga. Kafukufuku wa zanyengo amaonetsa kuti mphenzi imatsata kutalika kwa chinthu, kuima kwake pachokha ndi njira yosavuta yofikira pansi. Mtundu wa chovala, galasi ndi tayala sizisintha kanthu. Mphenzi imathanso kuomba malo amodzi kangapo. Chikhulupiriro chovulaza kwambiri n'chakuti munthu woombedwa sakhudzidwa, chifukwa chimachedwetsa thandizo pa mphindi zomwe moyo wake ungapulumuke.

Kudziteteza ndi thandizo loyamba

Munthu akamva bingu alowe m'nyumba yomangidwa bwino, kapena m'galimoto ya denga lachitsulo atatseka mawindo. Kombi imateteza chifukwa cha chitsulo chake, chomwe chimatsitsa mphamvu ya mphenzi cha kunja, osati chifukwa cha matayala. Ali m'nyumba asasambe, asatsuke mbale pampopi, asagwire chipangizo cholumikizidwa ku magetsi, ndipo asatsamire chitseko kapena zenera lachitsulo. Foni ya m'manja ilibe vuto ngati siili pachaja. Adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza asanatuluke. Masewera a mpira, mapemphero a pabwalo, kulima ndi kutunga madzi pamjigo ziyenera kuima kaye. Wopezeka kutali ndi nyumba achoke pamwala, pachulu, pansi pa mtengo ndi pafupi ndi mpanda wa waya, ndipo ngati ali pagulu atalikirane.

Pa anthu 10 oombedwa ndi mphenzi, pafupifupi 9 amapulumuka, ngakhale ena amatsala ndi vuto la kumva, kuona, kukumbukira kapena ululu wa m'mitsempha. Omwe amafa, ambiri amafa chifukwa mtima ndi kupuma zaima. Thupi la woombedwa silisunga magetsi, choncho akhoza kugwiridwa nthawi yomweyo. Ngati oombedwa ndi angapo, woyamba kuthandizidwa akhale yemwe sakupuma: amugoneke chagada, amutsindike pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akuitana thandizo. Aliyense woombedwa apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Chipatala chachikulu m'tauniyi ndi Chitungwiza Central Hospital.

Zambiri zochepetsa ngozi zimachitika dzinja lisanafike: kukhoma denga ndi kumangirira mitengo yake ku khoma, kudula nthambi zolendewera padenga, kuchotsa zinyalala m'ngalande, kukweza ndi kuvundikira pakamwa pa chitsime, ndi kuika zitsulo zotchinga mphenzi pa masukulu, matchalitchi ndi misika. Mvula ikasefukira, madzi a m'chitsime aphitsidwe kapena athiridwe mankhwala a kolorini asanamwedwe. Tsiku la 28 Juni chaka chilichonse limakumbutsa anthu za kudziteteza ku mphenzi. Lidasankhidwa pokumbukira ana 18 omwe adafa pa sukulu ya pulaimale ya Runyanya ku Uganda pa 28 Juni 2011, mphenzi itaomba kalasi yomwe adali.