Kachisi Amene Adayambira ku Denga

Mmisiri aliyense amadziwa kuti nyumba imayamba ndi maziko, kenaka zipupa, denga n'kubwera pomaliza. Koma ku Ellora, m'chigawo cha Maharashtra m'dziko la India, kuli kachisi wa Ahindu amene adayambira kumwamba. Dzina lake ndi Kailasa, ndipo ndi wa mulungu wawo Shiva. Kunena zoona, anzanga, mawu oti "kumanga" sakumuyenera kachisiyu, pakuti sadachite kusanja njerwa kapena miyala. Adangomusema m'thanthwe limodzi.

Ellora ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku mzinda wa Aurangabad, umene mu 2023 adausintha dzina kukhala Chhatrapati Sambhajinagar. M'mbali mwa phiri la kumeneko muli malo opembedzeramo 34 ogobedwa m'thanthwe: 12 a Abuda, 17 a Ahindu ndi 5 a Ajaini. Kailasa ndiye wa nambala 16. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1983.

Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati ntchitoyi idachitika pansi pa mfumu Krishna Woyamba ya fuko la Rashtrakuta, imene idalamulira kuyambira cha m'ma 756 mpaka cha m'ma 773. Chodabwitsa n'chakuti pakachisi penipenipo mfumuyo sidalembepo dzina lake. Ife a m'boma, amene ngakhale pa mjigo timakhomapo chikwangwani cha mayina, zoterezi zimatizunguza mutu. Umboni uli pa timapale ta mkuwa topezeka ku Baroda, tolembedwa cha m'ma 812. Timeneti timati Krishna adakhazikitsa kachisi wodabwitsa pa phiri la Elapura, kotero kuti mmisiri wake yemwe adazizwa kuti adatha bwanji ntchito yotere.

Nthano ya anthu olankhula Chimarathi imafotokoza mwina. Akuti mfumu ina idadwala mwakayakaya. Mkazi wake adawinda kwa Shiva kuti mwamuna wake akachira adzamanga kachisi, ndipo sadzalawa kanthu kufikira ataona nsonga ya kachisiyo. Mfumu idachiradi, koma amisiri onse adati ntchito yofika pa nsonga idzatenga miyezi yambirimbiri. Apa ndiye kuti mayiyo akadafa ndi njala. Mmisiri wina dzina lake Kokasa, wochokera ku Paithan, adalonjeza kuti nsongayo ioneka pakutha pa sabata imodzi. Adakwera pamwamba pa phiri, nayamba kusema chotsika. Sabata itatha mfumukazi idaona nsonga, nidya.

Nthanoyi idalembedwa patapita zaka mazanamazana, choncho siingatiuze za chaka kapena za mfumu. Komabe ine ndiona kuti idasunga chinthu chenicheni chimene chidachitika, ndicho kasemedwe kochokera pamwamba. Amisiri adayamba akumba ngalande zikuluzikulu m'phirimo, n'kusiya chimwala pakati. Chimwalacho ndicho adachisema ndi nyundo ndi matchizulo, kuyambira ku denga mpaka pansi.

Taganizani, anzanga, tanthauzo la zimenezi. Womanga ndi njerwa akakhotetsa chipupa amagumula n'kuyambiranso. Wosema thanthwe alibe mwayi umenewo: chimene wachotsa chapita. Munthu amene ankagoba denga adayenera kudziwiratu pamene padzakhale nsanamira iliyonse, khomo lililonse ndi makwerero onse, zinthu zimene mwina zikadaoneka patapita zaka. Ndakhalapo m'misonkhano yambiri momwe pulani ya nyumba imasinthidwa zipupa zitafika kale pa mawindo, ndipo n'chifukwa chake mfundo imeneyi imandigwira mtima kuposa kukula kwa kachisiyu.

Kukulako nakonso si kwamasewera. Bwalo lake ndi lotalika mamita 82, m'lifupi mamita 46, ndipo nsonga ili pa mamita oposa 30 kuchokera pabwalopo. Ukalowa pa chipata umayamba wapeza kanyumba ka Nandi, nkhunzi imene Shiva amakwera, kolumikizidwa ndi kachisi wamkulu ndi mlatho wa mwala womwewo. Uku ndi uku kwaima zipilala ziwiri zazitali. M'munsi mwa kachisi muli mzere wa njovu zosemedwa ngati zasenza nyumba yonseyo pamsana. Kamangidwe kake n'kofanana ndi ka kachisi wa Virupaksha wa ku Pattadakal, kummwera, ndipo ambiri amaganiza kuti ena mwa amisiri adachokera kumeneko.

Za nthawi imene ntchito idatenga, akatswiri sagwirizana. Hermann Goetz ankati idapitirira pansi pa mafumu angapo. M. K. Dhavalikar adawerengera kuti anthu 250 akadatha kugoba mbali yaikulu m'zaka zisanu ndi theka, Krishna akali moyo.

Kale kachisi yense adamumata pulasitala woyera kuti afanane ndi phiri la Kailash la ku Tibet, lokutidwa ndi chipale chofewa, kumene Ahindu amati Shiva amakhala. Zotsalira za pulasitalayo ndi utoto zikuonekabe m'malo ena. Chosema chotchuka kwambiri chili kummwera kwa kachisi: Ravana, mfumu ya mikono yambiri, ali pansi pa phirilo kuyesa kuligwedeza. Parvati wakangamira mwamuna wake ndi mantha, wantchito wina akuthawa, koma Shiva wangokhala phee, atapondereza phirilo ndi chala cha kuphazi.