Citsulo cogona kuseri kwa nyumba: mbiri ya thirakitala ya dizilo ndi kadzutsidwe kake

M'dera lathu lino la Angónia ndi ocepa amene sanaonepo thirakitala yakale itagona kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando wake. Mvula ikamayandikira, mabanja ena amayamba kufunsana ngati n'kwanzeru kusonkha ndalama kuti citsulo coteroco cidzuke. Funsoli n'lolemera, pakuti ndalamazo n'za cimanga ndi mbatatesi zimene tinakhetsera thukuta. Tisanaliyankhe, tiyeni tione kumene makinawa anacokera ndi cimene cinawagoneka.

Injini ya dizilo inatenga dzina la Rudolf Diesel, amene anaiyendetsa bwinobwino koyamba mu 1897 mu mzinda wa Augsburg, ku Jeremani. Nzeru yake inali yakuti mpweya ukapanikizidwa kwambiri umatentha. Pisitoni imaufinya mpaka kutentha kwake kupitirira madigiri 500, ndipo mafuta akapoperedwamo ngati nkhungu amayaka okha, popanda mapulagi. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya injiniyi, ndi vuto lake lomwe: ikazizira imavuta kuliza, cifukwa citsulo cozizira cimamwa kutentha kuja.

Alimi oyamba analimbana nalo vutoli m'njira zodabwitsa. Lanz Bulldog, imene inayamba kupangidwa ku Mannheim mu 1921, inafuna kuti mwiniwake ayambe waotca mutu wa injini ndi nyali ya moto kwa mphindi zingapo. Pa mitundu yambiri ankazula ciwongolero n'kucilowetsa m'mbali mwa injini kuti aipukuse. Field Marshall ya ku Mangalande, ya mu 1945, inkalira ndi kapepala konyeka kolowetsedwa m'mutu wa injini, ndipo wofuna kupewa kupukusa ndi manja ankaikamo katiriji ya wonga n'kuimenya ndi nyundo.

Makina amene ife tinawazolowera anadza pambuyo pake. Harry Ferguson, wa kumpoto kwa Ireland, anapanga njira yomangira pulawo kumbuyo kwa thirakitala pa mfundo zitatu, kotero kuti kulemera kwa dothi kumathandiza matayala kugwira pansi. Thirakitala yake yaing'ono yotuwa, TE20, inayamba kutuluka ku Coventry mu 1946, ndipo ya dizilo inabwera mu 1951. Kampani yake itaphatikizana ndi Massey-Harris mu 1953, panabadwa kampani imene pambuyo pake inachedwa Massey Ferguson. Mtundu wa 135, umene unayamba mu 1964 ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu, unafalikira m'maiko ambiri, ndipo zitsulo zake zosinthira zikupangidwabe mpaka lero.

Kwathu kuno, m'nthawi ya atsamunda, thirakitala inali ya azungu a minda ndi makampani. Mlimi wamba anali ndi khasu, wamwayi anali ndi ng'ombe. Ufulu utafika mu 1975, Apwitikizi ambiri anacoka, ndipo pakati pawo panali amakaniko ndi ogulitsa zitsulo. Mu 1977 msonkhano waukulu wacitatu wa Frelimo unaika patsogolo minda ikuluikulu ya boma, monga CAIL ku Chókwè ndi CAIA kuno ku Angónia. Boma linaitanitsa makina ambiri, ena ocokera ku Jeremani wa Kum'mawa ndi ku Soviet Union. Koma makina anafika msanga kuposa anthu odziwa kuwasamalira. Kacitsulo kamodzi kakasowa, thirakitala yathunthu inkaima, ndipo inkasanduka nkhokwe yozulamo zitsulo zociritsira inzake. Pofika 1983, msonkhano wacinayi unavomereza kuti alimi a m'mabanja anali ataiwalika. Nkhondo inamaliza zotsalazo: misewu inatsekeka, dizilo anasowa, anthu athu ambiri anathawira ku Malawi. Pamene tinkabwerera, mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, tinapeza udzu utamera pakati pa matayala.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti makina ambiri aja sanafe ndi ukalamba. Anagona cifukwa cosowa wowasamalira, mafuta oyera ndi tizitsulo tating'ono. N'cifukwa cake ena mwa iwo angathe kudzukanso, makamaka akale opanda kompyuta, amene makaniko wa pamsika angawamasule ndi masipanala wamba.

Kudzutsako kuli ndi dongosolo lake, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Coyamba si batire ai. Makaniko wanzeru amayamba wapukusa injini ndi sipanala, maulendo awiri athunthu. Ikakana, ndiye kuti dzimbiri lagwira mapisitoni, kawirikawiri cifukwa ca mvula imene inalowera ku paipi ya utsi. Pamenepo amacotsa timilomo topopera mafuta, tochedwa mainjetori, n'kuthira dizilo kapena oyilo wopepuka m'masilinda, n'kudikira masiku angapo. Kuikoka ndi thirakitala ina kuti imasuke mokakamiza kungapinde zitsulo za mkati, ndipo mtengo wokonzera ungapose zonse zimene tinasonkha.

Kenako amaona oyilo: akaoneka woyera ngati mkaka, madzi alowamo. Amakhuthula dizilo wakale, amatsuka thanki, amaika masefa atsopano, ndipo amayang'ana ngati mbewa kapena mavu sanamange m'njira ya mpweya. Akatero amatulutsa mpweya m'mapaipi a mafuta, kuyambira pa sefa, kudzera pa pampu, mpaka pa mainjetori, akupopa ndi dzanja kufikira dizilo atatuluka wopanda thovu. Mpweya pang'ono wotsalira m'mapaipiwa ndi wokwanira kuletsa injini yabwino kulira. Batire imabwera pomalizira. Injini ikalira, utsi umanena za mkati: woyera ndi mafuta osapsa, wakuda ndi mafuta ocuruka kapena mpweya wocepa, wabuluu ndi oyilo amene akupsa.

Tsiku loliza limakopa khamu, ndipo ndilo tsiku loopsa. Ana aime patali. Woliza akhale pampando, giya atacotsa. Anthu aphedwa poliza thirakitala ataima pansi, kutsogolo kwa tayala lalikulu, giya ili m'kati. Pakhale thabwa pafupi, pakuti pampu imene yakhala zaka zambiri ingakakamire n'kuthamangitsa injini mosaletseka, ndipo cotsala n'kutseka polowera mpweya ndi thabwalo, osati ndi dzanja. Munthu asafufuze ndi cala pamene paipi ya injetori ikudontha, cifukwa dizilo wa pamenepo amaboola khungu. Ndipo pokoka citsa kapena ngolo, unyolo umangidwe pa cokokera ca m'munsi. Ukamangidwa pamwamba, thirakitala imatha kugadabukira kumbuyo pa woyendetsa.

Tsono n'koyenera kusonkha? Ife tikuti poyamba lipirani makaniko wodalirika tsiku limodzi kuti aone ngati injini ikutembenuka, ngati thupi lake silinang'ambike, ndi ngati zitsulo za mtundu umenewo zimapezeka ku Tete kapena ku Lilongwe. Funsani mtengo wa matayala akumbuyo musanagule kanthu kena kalikonse, pakuti ndi pamene ambiri amakhumudwira. Pambuyo pake gwirizanani, ndi kulemba m'kope, za amene adzayendetsa, amene adzasunga ndalama za oyilo ndi masefa, ndi munda umene udzayamba kulimidwa, kuti wa mai wamasiye usakhale wotsiriza caka ndi caka. Pakhalenso acinyamata awiri oima pambali pa makaniko kuyambira tsiku loyamba, akugwira sipanala ndi kufunsa mafunso. Minda ya boma inali ndi makina ambiri kuposa amene ife tingathe kugula, koma inalibe manja okwanira owadziwa. Ngati mayankho a mafunsowa sakupezeka, ndalamazo zigule mbewu, kapena ng'ombe ziwiri ndi pulawo, ndipo citsulo cija cidikire caka cina.