Mikanda ya nkhono m'phanga la ku Hora

Mwezi wa Ogasiti ukafika, Angoni a ku Ching'ambo ndi madera ena a Mzuzu amakwera maminibasi kupita ku phiri la Hora, m'boma la Mzimba, kukavina ingoma pa mwambo wa Umthetho. Ndi ochepa amene amadziwa kuti m'phanga lina m'munsi mwa phirilo anthu ankaika maliro kalekale, Zwangendaba asanabadwe n'komwe.

Katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba m'phangamo mu 1950 n'kupeza mafupa a anthu awiri. Kuyambira mu 2016 gulu la Jessica Thompson linakumbanso, ndipo linafukula makanda awiri amene anaikidwa zaka zoposa 14,000 zapitazo. Munalinso mikanda yopangidwa ndi zigoba za nkhono. Chigoba amachiswa, kachidutswa n'kukaboola pakati, kenako n'kukanola m'mbali mpaka kakhale kozungulira. Ntchito yonseyo ya chinthu chosadyedwa, chosapha nyama.

Umboni wotere ndi umene akatswiri a ku Ulaya amakanganirana pa nkhani ya a Neanderthal, mtundu wa anthu umene unatha zaka pafupifupi 40,000 zapitazo ndipo sunapondeko kuno: kodi nawonso ankaganiza ngati ife? Ku Krapina, m'dziko la Croatia, kunapezeka zikhadabo za ziwombankhanga zochekedwa ngati zinkavalidwa, za zaka pafupifupi 130,000. Mu 2018 ofufuza analengeza kuti zojambula zofiira za m'mapanga atatu a ku Spain zapitirira zaka 64,000, nthawi imene makolo athu anali asanakhazikikeko. Ena amatsutsa kawerengedwe ka zakazo, ndipo mkanganowo sunathe.

Ku Hora palibe wokayika kuti anali anthu ngati ife. Chimene chimazunguza mutu ndi maliro a mayi wina wamfupi, amene anatenthedwa zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Moto wopsereza thupi la munthu si wa nkhuni mtolo umodzi. Panafunika anthu ambiri otola nkhuni, osonkhezera ndi otembenuza thupilo, pomwe akufa ena m'phangamo ankangokwiriridwa. Mayiyu ayenera kuti anali woposa anzake pa china chake, kaya pa ulemu kaya pa kuopedwa.

M'phulusamo ofukula sanapezemo chigaza kapena dzino, chonsecho mano sapsa msanga. Iwo akuganiza kuti mutu unachotsedwa moto usanayatsidwe.