Protea Park, Rustenburg: Malo ndi Anthu Ake

Protea Park ndi dera lokhalamo anthu mumzinda wa Rustenburg, m'chigawo cha North West m'dziko la South Africa. Derali lili kumwera chakumadzulo kwa pakati pa mzindawu, m'tsinde mwa mapiri a Magaliesberg, kufupi ndi madera a Geelhoutpark, Safarituine ndi Cashan. Dzina lake ndi la mitengo yamaluwa yotchedwa protea imene imamera m'mapiriwa, ndipo mitundu ina ya mitengo yomweyi imapezekanso m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Nyika ku Malawi. Mu Protea Park mulibe mgodi, komabe moyo wa anthu ake, monganso wa mzinda wonse, umadalira miyala ya platinum yokumbidwa kumpoto ndi kum'mawa kwa mzindawu.

Malo ndi nyengo

Mzinda wa Rustenburg uli pa mtunda wa makilomita oposa 100 kumadzulo kwa Pretoria, ndi pafupifupi makilomita 120 kuchokera ku Johannesburg. Msewu waukulu wa N4, wochokera ku Pretoria kupita kumalire a Botswana, umadutsa pamenepa. Mzindawu ndi wokwera mamita pafupifupi 1,170 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kuposa Lilongwe pang'ono.

Mapiri a Magaliesberg, amene dzina lawo linachokera kwa mfumu Mogale, amagawa dera lino pawiri. Kumwera kwake ndi kokwera ndi kozizira, pamene kumpoto, kumene kuli Rustenburg, ndi kofunda ndi kwa tchire la minga. Pamwamba pa mzindawu pali nkhalango yotetezedwa ya Kgaswane, yodziwika ndi mphalapala, ndipo m'chaka cha 2015 bungwe la UNESCO linaika mapiriwa m'gulu la malo achilengedwe oyenera kusamalidwa. Mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pafupifupi mamilimita 600 pachaka, yochepa poyerekeza ndi madera ambiri a ku Malawi. Mtsinje wa Hex, umene uli ndi madamu a Olifantsnek ndi Bospoort, sungakwanitse zosowa za mzinda ndi migodi, choncho madzi ambiri amabwera m'mipope kuchokera kutali, ndipo kusowa kwa madzi ndi vuto losatha.

Chiyambi cha mzinda

Azungu achibunu anakhazikitsa Rustenburg m'chaka cha 1851 m'dziko la anthu olankhula Chitswana. Dzinali limatanthauza mudzi wopumulirako. Kwa zaka zambiri malowa anali tauni yaing'ono ya alimi a fodya, malalanje, chimanga ndi ng'ombe, ndipo Paul Kruger, amene anadzakhala pulezidenti wa Transvaal, anali ndi famu yake ya Boekenhoutfontein kufupi ndi tauniyi.

Eni nthaka, anthu a mtundu wa Bafokeng, ali ndi likulu lawo ku Phokeng, kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu. Ataona kuti malo a makolo awo agawidwa kukhala mafamu, mfumu yawo Mokgatle inatumiza anyamata kukagwira ntchito kumigodi ya dayamondi ya ku Kimberley, ndipo ndalama zimene anabwera nazo zinagula malowo. Popeza lamulo silinkalola munthu wakuda kulembetsa malo, mafamuwo analembedwa m'dzina la amishonale. Pansi pa nthaka yomweyo ndi pamene panadzapezeka platinum.

Migodi

Rustenburg ali m'mphepete mwa thanthwe lalikulu lotchedwa Bushveld Complex, limene linapangika zaka mabiliyoni awiri zapitazo ndipo lili ndi platinum wochuluka kuposa malo ena alionse padziko lapansi. Mzere wa miyala wotchedwa Merensky Reef unapezeka m'chaka cha 1924 kudera la Lydenburg, ndipo katswiri wa miyala Hans Merensky anautsata mpaka ku Rustenburg chaka chotsatira. Kampani ya Rustenburg Platinum Mines inakhazikitsidwa mu 1931, ya Impala inayamba kukumba pamalo a Bafokeng mu 1969, ndipo ya Lonrho, imene a Malawi amaikumbukira ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, inatsegula mgodi ku Marikana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dziko la South Africa limatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a platinum wa padziko lonse, ndipo wambiri amagwiritsidwa ntchito pa zipangizo zochepetsa utsi woipa wa galimoto.

Chiwerengero cha anthu

Malinga ndi kalembera wa boma, dera lonse la khonsolo ya Rustenburg linali ndi anthu pafupifupi 390,000 m'chaka cha 2001. Pofika 2011 chiwerengerochi chinali 549,575, koma mu 2022 chinangopitirira pang'ono 560,000. Kukwera kofulumira kwa zaka zoyambazo kunagwirizana ndi nthawi imene mtengo wa platinum unali pamwamba, ndipo kuchedwa kwa zaka zotsatirazo kunadza pamene migodi inali kuchepetsa antchito. Mu 2011 anthu pafupifupi 55 pa 100 alionse anali amuna, chizindikiro cha dera limene anthu amadzera ntchito atasiya mabanja kwawo.

Chitswana ndicho chilankhulo cha anthu ambiri. Chiafirikanzi chimamveka kwambiri m'madera a m'tsinde mwa mapiri, pamene Chixhosa, Chisutu ndi Chitsonga ndi zilankhulo za antchito ochokera ku Eastern Cape, Lesotho ndi Mozambique. A Malawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa, makamaka ya golide, mpaka m'chaka cha 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu 74 a ku Malawi, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito. Ulendo wa Teba unayambiranso mu 1977 koma unatha mu 1988. Kuchokera pamenepo a Malawi ambiri opita ku Joni amapita paokha, ndipo amapeza ntchito za m'nyumba, m'mafamu, m'sitolo ndi zomangamanga.

Kakhalidwe ka anthu

Malo okhala mu Rustenburg akuonetsabe mmene ulamuliro wa tsankho unagawira anthu. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linasiyanitsa mitundu: madera a kumapiri, kuphatikizapo Protea Park, anali a azungu, Zinniaville anali wa amwenye, ndipo anthu akuda anali ku Tlhabane, kumene mu 1977 kunaikidwa pansi pa boma la Bophuthatswana. Lamuloli linathetsedwa mu 1991, ndipo tsopano chimene chimasankha wokhala mu Protea Park ndi thumba lake. Kufupi ndi migodi, antchito ambiri atatuluka m'makomboni anamanga zisakasa za malata m'malo monga Freedom Park ndi Nkaneng, kumene madzi, misewu ndi zimbudzi n'zosakwanira.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera pa 16 Ogasiti 2012, pamene apolisi anawombera ndi kupha antchito 34 amene anali pa sitalaka ku Marikana. Mu 2014 antchito pafupifupi 70,000 ananyanyala ntchito kwa miyezi isanu, ndipo malonda m'tauni anafooka, obwereketsa nyumba anasowa olipira lendi, mabanja a kumidzi yakutali nawo anasiya kulandira ndalama. Kutsika kwa mtengo wa zitsulo za m'gulu la platinum mu 2023 kunachititsa kuti makampani achotse antchito masauzande angapo chaka chotsatira, mtengowo usanakwerenso mu 2025. Chiwerengero cha anthu a Rustenburg, kuyambira m'nyumba za ku Protea Park mpaka m'zisakasa za ku Nkaneng, chimakwera ndi kutsika motsatira mtengo umenewu.